Kalata Yosawerengedwa Pansi pa Mango

Chikwa, Chama
9 Juni 1996

Asisi Christine,

Moni wochokera kuno kwanu, ngati mukukumbukirabe kuti muli ndi kwanu. Muli bwanji ku Amerika? Ife tili moyo. Mpunga takolola bwino, koma chimanga tagawana ndi njovu, ndipo zatenga mbali yaikulu poti ndi zazikulu. Ine mlongo wanu Gordon ndatha miyezi iwiri kumunda ndikumenya chitini, mpaka njovuzo zazolowera nyimbo yanga.

Kalata yanu ya mu Epulo inafika. Monga mwa nthawi zonse, ndinaiwerenga Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, pansi pa mango paja, banja lonse litakhala. Musamaiwale kuti kalata yanu siikhala ya munthu mmodzi. Ine ndimawerenga, onse amamva, kenako adada aang'ono a Meshack amaitsekera m'chitini chawo cha mabisiketi pamodzi ndi zinzake. Chimwalirire adada athu, chitinicho ndi nkhani zonse za banja zili m'manja mwawo.

Manje pali dandaulo. Adada aang'ono akuti mwatha zaka zisanu kunja, koma palibe akudziwa chimene mumachita. Anthu akawafunsa amayankha kuti ndinu dokotala. Akawafunsa kuti mumachiza chiyani, amayamba kukamba za mvula. Ndiye akuti mulembe bwinobwino m'Chinyanja cha kusukulu chimene aliyense angamve, osati Chizungu chanu chija chotulukira m'mphuno.

Mwezi wamawa chikwana chaka chimwalirire achimwene athu a Bornwell. Nyumba yawo imadontha, ndaifolera mbali imodzi. Alamu a Damaris ali bwino pamodzi ndi ana. Mwiza wayamba Giredi 2, Ennie ndiye pakamwa sipatseka. Akwawo kwa alamu ku Chifunda atumiza mawu, akufunsa kuti mwana wawo akhala choncho mpaka liti. Mwambo mukuudziwa. Malowolo anaperekedwa onse, ndiye ana ndi a kuno. Mayi akapanda kulowedwa chokolo ndi mbale wa malemu, amabwerera kwawo yekha, ana n'kutsala. Akulu akhala pansi chilimwe chino, koma nkhani ikuchedwa chifukwa ena akunong'ona za matenda amene anatenga achimwene. Adada aang'ono akuti zimenezo ndi zabodza, achimwene analodzedwa ndi opha nyama mozemba amene ankawagwira pantchito yawo yolondera nyama.

Mukapeza munthu wobwera ku Lusaka, nditumizireni tochi yabwino.

Ndine mlongo wanu,
Gordon


Boston
25 Ogasiti 1996

Adada aang'ono, alamu, Gordon, ndi nonse muli pansi pa mango,

Ndikupatsani moni. Ndili bwino, koma ndalakalaka mpunga wa kwathu, chifukwa wa kuno umangokhutitsa, sununkhira. Pepani ndi njovu.

Mwafunsa za ntchito yanga. Adada, sindichiza munthu, ndipo chibwerere kuno sindinabayepo wodwala jekeseni. Ndimagwira ntchito m'labotale, kufufuza kachilombo ka HIV, koyambitsa Edzi. Gordon, pofika apa usatsitse mawu. Werenga mokweza monga umachitira ndi nkhani za tochi.

M'magazi mwathu muli tinthu tamoyo tating'ono kwambiri totchedwa maselo, ndipo ena mwa maselowa ndi amene amatiteteza ku matenda. Kachilomboka sikangaswane kali kunja, kayenera kulowa m'selo. Pakhungu pake pali timinga ta puloteni, timene timakakamira pa selo ngati mmene chisoso chimakakamirira pa chitenje. Ntchito yanga ndi timinga timeneti, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kwa zaka zoposa khumi tinkadziwa khomo limodzi pamene timingati timagwira, koma zinkaoneka kuti kugwira pamenepo pokha sikukwanira. Chaka chino ofufuza a m'malo angapo apeza khomo lachiwiri. Kachilombo kayenera kugwira onse awiri, kenako khungu lake limalumikizana ndi la selo, n'kulowa.

Chimene chatisangalatsa kwambiri ndi ichi. Kwapezeka anthu ena obadwa opanda khomo lachiwirilo. Ena mwa iwo akhala zaka ndi okondedwa awo odwala, awasamalira, awaika m'manda, iwo osatenga kanthu. Kachilombo kamafika ndithu, koma kamasowa polowera. Tikamvetsa bwino zimenezi, mwina tsiku lina kudzakhala mankhwala otsekera aliyense khomolo. Ndakhala zaka zisanu ndikuyang'ana timabotolo tosaoneka kanthu, ndipo aka n'koyamba kubwerera kunyumba ndikuimba.

Dzina la matendawa ndalilemba dala. Kwathu timangoti "matenda omwewa", ngati kulitchula ndiye kuliitana. Tiyeni tizilitchula.

Pa nkhani ya alamu, ndikupempha akulu aganize mofatsa. Tochi ndapatsira mnzanga wobwera mu Okutobala.

Ndine mwana wanu,
Christine


Chikwa, Chama
13 Okutobala 1996

Asisi,

Moni. Tonse tili bwino, dzuwa lokha ndi limene latsala pang'ono kutiphika.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa adada aang'ono anandibwerezetsa kawiri pa mbali ija ya anthu opanda khomo. Nditamaliza anaitana alamu a Damaris kuti aime pakati. Anati, "Onani nonse. Ngakhale titati onong'ona aja akunena zoona, mwana uyu anagona mphasa imodzi ndi Bornwell zaka zisanu ndi zinayi. Anamusambitsa, anamudyetsa, anamutseka maso. Manje taonani manja awa, taonani masaya. Anatsokomolapo? Anagonapo ngakhale tsiku limodzi? Christine waphunzira, sakanalemba zimenezi popanda chifukwa. Watiuza mwaulemu kuti mlamu wake ndi mmodzi wa anthu amenewo." Onse anavomera. Amayi aakulu anayamba kulira, akuti Mulungu anakutumizani kutali kuti mudzatimasulire nkhani imeneyi.

Kunena zoona asisi, alamu ndi onenepa kuposa ine, ndipo thumba la mpunga amasenza okha.

Ndiye akulu agamula. Alamu sapitanso ku Chifunda, ana saona mayi awo akukwera njinga kuwasiya. Wolowa m'nyumba ya achimwene ndi ine, Loweruka loyamba la Januwale. Mukuseka, ndikudziwa. Inu amene munkati ndidzakwatira njinga yanga. Poyamba panali mawu oti alowe msuweni wathu wa akazi awiri uja, koma alamu anakana, ndipo atafunsidwa anatchula ine. Sindikubisirani, sindinakakamizidwe. Ana ananditenga kale ngati bambo awo, ndipo Ennie amadya pa mbale yanga.

Ndidzapita ku boma Khirisimasi isanafike kukagula chitenje ndi shuga, mitsinje isanadzaze. Ndidzadutsa ku positi. Mulembe mawu odalitsa, ndidzawawerenge pa tsikulo.

Zikomo asisi. Mwatichotsa munga pa phazi.

Gordon


Boston
17 Novembala 1996

Gordon,

Kalata iyi ndi yako. Uyambe wawerenga wekha, kenako ukawerenge pamaso pa adada aang'ono, usadumphe mzere ngakhale umodzi. Moni ndidzapereka tsiku lina.

Usalowe m'nyumba imeneyo. Ndikubwereza, usalowe.

A Bornwell sanalodzedwe. Anamwalira ndi Edzi. Nditabwera kumudzi chaka chatha ndinawatengera kuchipatala cha kutauni, ndipo pepala la magazi ndinaliona ndi maso anga. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndipo ndasunga lumbiro limenelo mpaka lero. Ndaliphwanya chifukwa cha iwe.

Sindinanene kuti alamu alibe khomo lachiwiri. Sindikanadziwa zimenezo ndili kuno, ndipo munthu sungamuone ndi maso. Anthu amene ndinkanena aja ndi ochepa kwambiri, mwina mmodzi pa anthu zana, ndipo pafupifupi onse amene apezeka ndi azungu ochokera ku Ulaya. Pakati pa ife anthu akuda ofufuza sakuwapeza. Mbali imeneyo sindinailembe, chifukwa ndinali wokondwa, ndinkafuna muone kuti mwana wanu sakungodya mkate kunja kuno. Ndinalembanso za matendawa poganiza kuti mukamva dzina lake mudzachita mantha n'kuimitsa chokolo. Ndinaphonya.

Munthu amatha kukhala ndi kachilomboka zaka zisanu ndi zitatu, ngakhale khumi, ali wonenepa, akusenza matumba a mpunga. Masaya si umboni. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Umboni ndi umodzi wokha, kuyezetsa magazi. Ndikudziwa kuti kachipatala kathu sikayeza, ndipo koyezera n'kutali. Pitani nonse awiri ngakhale ulendo utatenga sabata. Ngati akulu akufuna mwambo, ulowe ndi dzina lokha. Uzilima munda, uzifolera nyumba, uzilera ana, koma uzigona kwako.

Ndayesa kuimba foni ku boma kanayi, sikulowa. Tchuthi sangandipatse mpaka chaka chamawa, ndipo ngakhale nditanyamuka lero, ndidzafika msewu utatsekeka. Ndatsala ndi pepala ili basi.

Tinaika mmodzi, Gordon. Sindikufuna kuika wachiwiri.

Christine


Boston
9 Febuluwale 1997

Gordon,

Moni kwa onse. Kodi kalata yanga ya mu Novembala unailandira? Tsiku lililonse ndimatsegula kabokosi ka makalata, ndimapeza mapepala a malonda okhaokha. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi ya madzi, koma sipangalephere munthu mmodzi wowoloka pa bwato. Ndilembere mzere umodzi wokha, wakuti unalowa kapena sunalowe.

Kuntchito ndathyola mabotolo awiri sabata ino. Abwana anga andifunsa ngati ndikudwala.

Christine


Chikwa, Chama
4 Meyi 1997

Asisi,

Moni. Pepani ndi kuchedwa. Chaka chino madzi anachita kunyanya, mtsinje unadzaza mpaka m'minda, ndipo kuyambira Khirisimasi mpaka Epulo tinali ngati anthu a pachilumba. Mchere unatha, sopo anatha. Mpunga wokha ndi umene wakondwa.

Makalata anu awiri ndawapeza pamodzi sabata yatha, nditapita ku boma. Mu Disembala ndinadutsa ku positi monga ndinalonjezera, koma munalibe kanthu.

Ndinalowa, asisi. Pa 4 Januwale. Madzi akatayika saoleka.

Kalata ya mu Novembala sindinaiwerenge pansi pa mango. Ingathandize chiyani manje, kupatula kuchititsa manyazi mayi wa ana? Adada aang'ono ndawawerengera yachiwiri ija, ndipo pamene munalemba za kulowa ndinawauza kuti mukufunsa ngati mwambo unayenda bwino. Akuti ndikuuzeni kuti unayenda bwino kwambiri.

Musadandaule. Ine ndili ndi mphamvu, Damaris ali ndi mphamvu. Mwiza wakhala nambala 3 m'kalasi. Nyumba ndaifolera yonse, ndamanganso kakhitchini. Ndipo pali nkhani ina. Damaris ndi woyembekezera, mwana tikumudikira mu Novembala. Akakhala wamkazi dzina lilipo kale, ndi lanu.

Tochi ija inafika, imawala ngati ya galimoto.

Gordon


Boston
22 Juni 1997

Gordon,

Moni kwa iwe ndi ana. Kalata yako ndaiwerenga ndili chiimire pa masitepe, ndipo ndinakhala pansi pomwepo mpaka munthu wina anandifunsa ngati ndataya makiyi.

Sindikuimba mlandu mvula. Mvula imagwa chaka chilichonse, ndipo ndinakulira komweko, ndimadziwa mwezi umene msewu umafa. Wolakwa ndine. Ndinadziwa matenda a achimwene, ndinadziwa kuti akulu akhala pansi, ndinadziwa kuti kalata yanga imawerengedwa ngati ya Paulo kwa Akorinto. Koma ndinalemba zozungulira ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Mzere umodzi wolunjika mu Ogasiti ukanakwanira.

Manje mvera. Sizinathe. Si nthawi zonse kachilombo kamapatsirana msanga, mwina ukadali bwino. Pitani mukayezetse chilimwe chino msewu uli wouma, ndipo kufikira tsiku limenelo uzigwiritsa ntchito makondomu. Ndikudziwa kuti si mawu oti mlongo auze mlongo wake, koma manyazi ndi amene atifikitsa apa.

Za mwana. Kuno kuli mankhwala amene mayi woyembekezera akamwa, mwana nthawi zambiri amabadwa wopanda kachilombo. Kulinso ena atsopano amene akudzutsa anthu amene anali atatsanzika kale. Ndayenda kwa madokotala atatu. Onse akuti sangalembe mankhwala a munthu amene sanamuone, amene alibe ngakhale pepala la magazi, ndipo ndi mankhwala ofuna kuyezedwa pafupipafupi, osati ongotumiza mu envulopu. Wachitatu anandifunsa kuti chipatala chapafupi chili pa mtunda wotani. Nditamuuza anangovula magalasi. Ukanditumizira pepala, ndidzakhala ndi choyambira, ngakhale sindikulonjeza.

Kuntchito kuli chikondwerero. Ofufuza ena ajambula maonekedwe a mbali ya munga wa kachilombo imene imabaya selo n'kuikokera pafupi. Chithunzi chake tachipachika pakhoma, ndipo n'chokongola, ndikuvomera. Ndimadziwa mmene kachilomboka kamalowera m'selo, sitepe ndi sitepe, kuposa anthu ambiri padziko lapansi. Koma m'nyumba mwathu kalowa ine ndikuona, ndipo amene anatsegula ndine.

Ndiyankhe msanga.

Christine


Chikwa, Chama
14 Disembala 1997

Asisi,

Moni mwachangu, chifukwa wopita ku boma waima panja ndi njinga ndipo mitambo yayamba. Christine wamng'ono anabadwa pa 20 Novembala. Ali ndi mphumi yanu, ndipo akalira salola munthu kuyankha, ngati inu nomwe. Mayi ake ali bwino. Za kuyezetsa tidzaona tikakolola, panopa ntchito yachuluka. Tumizani tizovala.

Gordon


Chikwa, Chama
11 Okutobala 1998

Asisi,

Moni. Makalata anu anayi a chaka chino onse ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa ndinalibe bodza latsopano.

Christine wamng'ono tinamuika pa 2 Seputembala. Anayamba kutsegula m'mimba ali ndi miyezi isanu, m'kamwa munatuluka zoyera, ndipo sikelo inangobwerera m'mbuyo. Tizovala munatumiza tija sanatikwane n'komwe, tinali tikumukulirabe tsiku lomaliza. Tinamutengera kuchipatala cha mishoni, masiku awiri pa njinga, ine ndikupalasa, Damaris kumbuyo ndi mwana. Kumeneko asisitere anatipempha magazi tonse. Tinavomera. Damaris ali nako. Ine ndili nako. Mapepala ndaika m'kalata muno, munawafuna kalekale.

Mwezi wa Julayi ndinatuluka mashingozi m'nthiti. Apola, koma chipsera chilipo. Kumunda ndikupitabe.

Manje ndikuuzeni chimene ndalembera. Mwakhala mukudzitafuna chaka ndi theka chifukwa cha ine, ndipo m'kalata iliyonse mumati mukanalemba msanga. Lekani. Munalemba nthawi yabwino. Kalata yanu ya mu Novembala inafika. Ndinaitenga ku positi pa 16 Disembala, tsiku limene ndinagula chitenje. Ndinaiwerenga masana pa doko, ndikudikira bwato. Ndinaiwerenga kawiri. Bwato linabwera, ndinalisiya lipite, ndinakwera lachiwiri.

Ndinaganiza zimene munanena, zolowa ndi dzina lokha. Asisi, mwakhalitsa kunja. Kuti adada aang'ono avomere zimenezo ndikanayenera kuwerenga kalata yonse pansi pa mango, pamaso pa amayi aakulu, azisuweni, ndi aliyense wodutsa. Dzuwa lisanalowe Chikwa yense akanadziwa. Mukuganiza kuti Damaris akanatunganso madzi pa chitsime chathu? Akanamukweza njinga sabata yomweyo, Mwiza ndi Ennie n'kutsala m'manja mwa nkhalamba. Ku Chifunda nako mbiri ikanayamba kufika iye asanafike.

Chimenecho ndi chifukwa chabwino, chimene ndingauze abusa. Palinso china. Damaris ndinkamufuna. Ndinayamba kumufuna tsiku limene achimwene anabwera naye, ine ndili Giredi 9, ndipo sindinauzepo munthu. Munalemba kuti mmodzi pa anthu zana, ndipo ine pa doko paja ndinati mmodziyo ayenera kukhala munthu winawake. Za azungu zija ndinazidumpha, monga ndimadumphira mawu ovuta powerengera adada.

Ndinali ndi makalata awiri, onse a dzanja lanu. Ina inati kuli anthu opulumuka, ina inati ndisalowe. Ndinasankha imodzi. Inayo ndinaisomeka kudenga la nyumba imene ndinafolera ndekha.

Mwana uja ndiye sanasankhe kanthu. Pamenepo mpomwe pamandilepheretsa kudya.

Adada aang'ono akuti mwana anafa ndi madzi oipa. Kalata yanu ya mu Ogasiti ikadali m'chitini, ndipo alendo akabwera amaitulutsa kuti aone mmene mwana wawo anaphunzirira. Sindinawauze. Muzigwirabe ntchito yanu, mwina ana a Mwiza adzaipindula. Musandikalipire kwambiri poyankha, ndadzikalipira kale.

Ndine mlongo wanu,
Gordon


Chikwa
1 Novembala 1998

Alamu a Christine,

Monire. Ndine Damaris, amake Mwiza. Simudziwa dzanja langa chifukwa sindinakulembereni chiyambire, ndipo inunso simunandilemberepo. Pepala ili ndang'amba m'kope la Mwiza. Kalatayi ndapatsira a Agness, aphunzitsi a pasukulu pathu, akaiponye ku Lusaka. Gordon sakudziwa.

Ana ali bwino. Gordon ali bwino pang'ono, koma amatopa msanga ndipo amabisa.

Sabata yatha ndimachotsa udzu wowola kudenga mvula isanayambe, ndipo panagwa envulopu. Chiswe chadya m'mbali, koma mawu onse alipo. Ndinafika Giredi 7, alamu. Ndimawerenga, ndipo Chinyanja chanu si chovuta. Pansi pa mango ndimakhala chete chifukwa mkazi wobwera sawerenga kalata pamaso pa apongozi, osati chifukwa chosadziwa.

Ndawerenga kuti a Bornwell anamwalira ndi chiyani. Ndamva kwa inu, patatha zaka zitatu, m'kalata yolembera munthu wina. Iwo sanandiuze. Inu munakhala m'nyumba mwanga milungu iwiri mutachokera nawo kuchipatala chija, ndinkakuphikirani mpunga, tinkatsuka mbale limodzi kuseri kwa nyumba, tili awiriwiri. Munkandifunsa za mitengo ya sopo.

Ndawerenganso za mkuyu ndi nyerere. Sindinadziwe kuti ndine mkuyu. Tsiku limene adada anandiimika pakati n'kumaonetsa anthu manja anga, ndinakhulupirira. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukagwada, ndikuthokoza Mulungu kuti wandipanga wopanda khomo. Atandifunsa amene ndikumufuna ndinatchula Gordon chifukwa ndi wofatsa ndi ana. Ndinasankha munthu wabwino kuposa onse pamudzi pano, n'kumupatsa ichi.

Mukanandiuza, sindikudziwa chimene ndikanachita. Mwina ndikanapita ku Chifunda ndikulira. Mwina ndikanagwira miyendo ya adada kuti andisiye ndikhale ndekha ndi ana anga. Mwina ndikanachita mantha n'kukhala chete ngati Gordon, sindikudziyesa woyera. Koma likanakhala thupi langa ndi mutu wanga. A Bornwell anakulumbiritsani, inu munalembera Gordon, Gordon anasomeka kudenga. Nonse atatu munkandikonda, ndikudziwa. Nonse atatu munaganiza za ine, ndipo palibe anaganiza zondifunsa.

Sindinalembe kuti tikangane. Mkwiyo ndinali nawo masiku atatu, manje watha, chifukwa ulibe pokhala m'nyumba ya odwala awiri. Gordon sindinamuuze kuti ndaipeza. Ndaibwezera kudenga.

Ndili ndi mafunso, ndipo asisitere aja anali ndi mzere wautali, sindinathe kuwafunsa. Ennie anabadwa 1992, ndipo anayamwa zaka ziwiri. Kodi nayenso ndipite naye? Mwiza adzalemba mayeso a Giredi 7 mu 2001. Inu mumakadziwa kachilomboka, mumakaona tsiku lililonse. Ngati ndinakatenga kalekale, ndatsala ndi zaka zingati? Ndikufuna kudziwa ngati ndiyambe manje kumuphunzitsa kuphika ndi kusoka, kapena ndimusiye asewere chaka china. Ngati simukudziwa, mulembe kuti simukudziwa. Musandilembere za mankhwala a tsiku lina, ndipo musazungulire.

Muyankhe msanga, mvula ili pafupi. Kalatayo mutumize kusukulu, kwa a Agness. Pa envulopu mulembe dzina langa. Ndidzawerenga ndekha.

Ndine mlamu wanu,
Damaris